Akaitanitsa nyama yomwe munagulira ana asukulu kuti ibwezedwe: zochita ku khitchini ndi ku stores

Izi ndikulembera inu amene mumasunga makiyi a ku stores, a bursar, a matron, ma cook, a hedi a sukulu zogonera konko, amayi oyendetsa ma creche ku Joni ndi ku Cape Town, ngakhalenso inu ophikira odwala m'zipatala ndi ana amasiye. Tsiku lina foni idzalira, kapena mudzangoona pa WhatsApp, kuti masoseji a kampani yakuti kapena nkhuku za batch yakuti aziitanitsa, zibwezedwe, munthu asadye, recall imene amanena ija. Nthawi imeneyo mu firiza muli makatoni ambirimbiri, ana mahandiredi akudikira nkhomaliro, ndalama ya ndiwo ya mwezi wonse inalowa kale m'makatoni omwewo, ndiye mutu umaima ndithu. Tiyeni tikambirane zochita mwandondomeko nthawi ikadalipo.

Kaye tikumbutsane zomwe zinachitika ku South Africa, chifukwa ena amaona ngati recall ndi nkhani ya azungu. Kuyambira 2017 mpaka 2018 kunabuka matenda a listeriosis, oyamba ndi tizilombo ta Listeria topezeka m'zakudya, anthu 1,060 anatsimikizika kuti adwala ndipo 216 anamwalira, ndipo mwa odwala khumi aliwonse pafupifupi anayi anali makanda ongobadwa kumene omwe anatengera kwa amayi awo. Kwa miyezi yambiri madokotala amangoona anthu akubwera osadziwa kuti gwero lake ndi chiyani. Chinatsegula maso ndi creche ina ya ku Soweto, mu Januwale 2018 ana 9 osakwana zaka 5 anadwala malungo ndi kutsegula m'mimba n'kupita nawo ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath. A zaumoyo anathamangira ku creche kuja n'kutenga poloni yomwe ana amadya, a labu ya boma yofufuza matenda opatsirana ya NICD anapezamo mtundu womwewo wa tizilombo, ST6, womwe umadwalitsa anthu ambiri m'dziko monse, ndipo atalondola anakafika ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza, katundu anayamba kuchotsedwa m'mashopu, ndipo m'masiku ochepa Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia analetsa nyama zotere zochokera kumeneko. Poloni yomweyo inkabwera kwathu m'mashopu akuluakulu komanso m'zikwama za anthu okwera mabasi a ku Joni.

Imitsani kaye, mafunso pambuyo

Mukangomva, olo uthengawo musanautsimikize, uzani a ku khitchini kuti nyama ya mtundu umenewo isakhudzidwe. Ngati ili kale mu mphika, zimitsani moto, vindikirani, isapite ku dining. Ngati ana ayamba kale kulandira, imitsani mzere pompo, olo adandaule bwanji. Apa simukutaya chilichonse, mukungoimitsa basi, ndiye ngati uthengawo upezeke kuti unali wabodza mwangotaya ola limodzi ndipo ana adya nyemba m'malo mwa soseji. Musadikire kuti a hedi abwere ku msonkhano kapena a board akumane, amene ali pa duty nthawi imeneyo ali ndi mphamvu yoimitsa, ndipo a hedi amuuziretu zimenezi lero kuti asamaope kukalipiridwa.

Tsimikizani uthenga, ndipo mupeze manambala

Pa WhatsApp pamayenda zambiri, zina ndi nkhani za zaka zisanu zapitazo zomwe wina wangozidzutsa, zina ndi za dziko lina. Safunsa anadya phula, imbirani supplier wanu pompo ndipo muwauze kuti akutumizireni molemba, kaya kalata kaya meseji, osati pakamwa pokha. Kenako funsani a boma. Ku Malawi ndi ofesi ya zaumoyo ya pa boma, makamaka a environmental health, komanso Malawi Bureau of Standards ndi Competition and Fair Trading Commission. Ku South Africa ndi National Consumer Commission, Department of Health, ndi a environmental health a municipality yanu. Kwina kulikonse yambirani ku ofesi ya zaumoyo yomwe muli nayo pafupi.

Zomwe mukufuna kudziwa ndi dzina la katundu ndi kulemera kwa paketi, batch number kapena lot number, tsiku lomwe anapanga, tsiku lothera ntchito, nambala ya fakitale ngati ilipo pa lebulo, chifukwa chomwe akuitanitsira, ndi zomwe akuti muchite nayo, kubweza kapena kuwononga. Lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi nthawi yake.

Nambala ya fakitale ija musaiderere. Ku America mu Febuluwale 2008 anaitanitsa nyama ya ng'ombe yolemera mapaundi 143 miliyoni, pafupifupi makilogalamu 65 miliyoni, ya kampani ya Hallmark/Westland ya ku Chino, California, kanema wojambulidwa mobisa ataonetsa antchito akukankha ndi kuzunza ng'ombe zosatha kuima kuti zilowe kophedwa. Mapaundi mamiliyoni ambiri anali atapita ku pulogalamu ya boma ya chakudya cha m'sukulu. Vuto linali lakuti nyama yambiri sinafike kusukulu ndi dzina la Westland ayi, inadutsa kaye ku makampani ena omwe anaipanga mabaga ndi zakudya zina n'kumata mayina awo, ndiye sukulu zina zimayang'ana pa katoni osaona dzinalo n'kumati ife zilibe nafe ntchito, ana akudyabe. Ndiye funsani supplier funso ili mwachindunji, kodi pali katundu wina aliyense amene munatipatsa, olo wa dzina lina, amene muli nyama yochokera ku fakitale imeneyi? Ma pie, masamusa ogula opangidwa kale, mince, zonsezo.

Sakani paliponse, osati mu firiza yaikulu yokha

Tengani ma delivery note ndi mainvoisi a miyezi yomwe recall ikukhudza, muwerenge kuti munalandira makatoni angati a batch imeneyo. Nambala imeneyo ndiye mukuisaka. Makatoni omwe mwawapeza kuphatikiza omwe anaphikidwa kale ziyenera kukwana nambala yomwe munalandira, ngati sizikukwana ndiye kuti pali nyama ina penapake yomwe simunaipeze.

Malo omwe anthu amaiwala ndi kafiriji ka ku staff room, firiji ya kunyumba kwa a hedi kapena a boarding master komwe mumakasungitsa firiza ikadzadza kapena magetsi akavuta, tuck shop, ku sick bay, khitchini ya campus ina ngati muli ndi awiri, zakudya zomwe munalongedzera ana opita ku mpira kapena ku ulendo, zotsala za dzulo, msuzi womwe munaphika ndi mafupa ake. Ndiye palinso nyama ija timaichotsa mu katoni n'kuigawa m'majumbo kuti ikwane bwino mu firiza, katoni n'kukolezera moto. Imeneyo ilibenso lebulo, simungadziwe batch yake, ndiye iwerengereni kuti ndi yokhudzidwa basi, osayerekeza kununkhiza kapena kuyang'ana mtundu, tizilombo ta Listeria, Salmonella ndi E. coli sitisintha fungo kapena maonekedwe a nyama.

Ngati ndi Listeria, onaninso zomwe zinagundana nazo. Nthawi ya ku South Africa ija anthu anauzidwa kupewa nyama zonse zodyedwa osaphikanso, ma vienna, ma russian ndi zina, chifukwa tizilombo timatha kukhala kunja kwa paketi n'kusamukira pa ina m'firiji ya mu shopu. Ndiye tchizi chotsegula, saladi, majarini wotsegula amene munadulira mpeni womwewo, zonse zomwe zinali shelefu imodzi zosavindikira zipite limodzi.

Patulani, werengani anthu awiri, khomani

Valani magolovesi, ikani nyama yonse m'mapulasitiki awiri awiri omanga bwino kuti madzi ake asadonthe, lembani ndi maka zilembo zikuluzikulu kuti MUSAGWIRITSE NTCHITO, YOBWEZA, ndi tsiku, m'chilankhulo chomwe onse ogwira ntchito pamenepo amawerenga, mlonda yemwe. Ngati muli ndi mafiriza awiri, imodzi ikhale ya yobwezayo yokha. Ngati ndi imodzi, yobwezayo ikhale pansi penipeni mu chidebe chotseka. Isungeni yozizira, musaitulutse panja kuti iwole poti ndi yotaya kale, ikawola mudzavutika ndi fungo, ntchentche ndi agalu, komanso a labu sangaiyeze bwino.

Kuwerenga kukhale kwa anthu awiri, wa ku stores ndi wina amene si wa ku stores, mwina mphunzitsi wa pa duty kapena wa komiti ya makolo. Lembani batch iliyonse payokha, makatoni angati, mapaketi otsegula angati, makilo angati, nonse musayine. Jambulani ndi foni malebulo kuti manambala azioneka bwino, ndipo makatoni opanda kanthu omwe muli nawo musawotche, ndi umboni. Kenako loko, kiyi akhale ndi munthu mmodzi.

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa zonse zinazi anthu amachita bwinobwino koma pamene zimaonongekera ndi khomo lakuseri. Tinaleredwa kuti chakudya sichitayidwa, ndipo ndi chilungamo, nyama ndi yodula, a cook amene malipiro awo ndi ochepa ndipo ana awo kunyumba anadya nyama mwezi watha akuona makilo 80 a soseji yooneka bwinobwino akuti ikakwiriridwe, mtima umawawa ndithu. Ndiye wina amati ndingotengako kapaketi kamodzi, wina akuti ndikapatse agalu, wina ali ndi mlamu wake amene amawotcha kanyenya pa msika, mlonda nayenso usiku akudziwa pomwe dzenje lili. Anthu amenewa si akuba, ndi anthu anjala omwe sanauzidwe bwino. Koma taganizani komwe paketi ija ikupita, kunyumba komwe kuli mayi woyembekezera, gogo, khanda, munthu amene ali pa ma ARV, anthu omwe Listeria imawapha kwenikweni, ndipo kumeneko kulibe kaundula, palibe amene adzadziwe kuti mimba ija inachoka chifukwa cha soseji ya kusukulu. Mwateteza ana a eni koma mwapha wa mnzanu wogwira naye ntchito.

Ndiye musangokhoma loko n'kuchoka. Itanani onse, ma cook, otsuka mbale, alonda, a ground, muwafotokozere bwinobwino, mwaulemu, matendawa ndi otani, amagwira ndani, ku South Africa anapha angati. Funsaninso poyera, popanda kuopseza, ngati pali amene anatengako kale masabata apitawa, chifukwa m'makhitchini ambiri zotsala zimagawidwa ndipo aliyense amadziwa, muwauze kuti palibe amene achotsedwe ntchito akanena, chomwe mukufuna ndi chakuti yomwe ili kunyumba ibwere kapena iwonongedwe ndipo amene anadya adziwe zizindikiro. Mukayamba ndi ukali aliyense atseka pakamwa. Ineyo ndimaona kuti ngati thumba likulola, kuwagulira antchito nkhuku ziwiri zabwino tsiku limenelo kuti adye limodzi kumathandiza kuposa kulalata.

Padzapezeka wina wonena kuti bwanji tingoiphika kwambiri, moto umapha zonse. Zoona, Listeria, Salmonella ndi E. coli zimafa nyama ikapsa mpaka mkati kupitirira madigiri 70, koma musanafike poiphika mwaisungunula, mwaidula, madzi ake ayenda pa thabwa, pa tebulo, m'manja, pa chitseko cha firiji, ndipo mu mphika waukulu wa anthu 400 simungatsimikize kuti nthuli iliyonse yapsa mofanana. Komanso si recall iliyonse yomwe ndi ya tizilombo, zina ndi tizidutswa ta chitsulo, pulasitiki kapena galasi, zina ndi mankhwala, zina ndi zinthu monga soya, mkaka kapena mtedza zomwe sanalembe pa lebulo pomwe ana ena zimawatupitsa mpaka kubanika. Zimenezo moto suchotsa. Firiza nayonso sipha tizilombo, imangotigoneka, ndipo Listeria imaswana ngakhale mu firiji wamba yozizira bwinobwino.

Ndani anadya, ndipo liti

Nthawi zambiri recall imabwera gawo lina la nyama litadyedwa kale. Tsegulani buku la menu ndi la zotuluka ku stores, mupeze masiku onse omwe batch imeneyo inaphikidwa, kenako kaundula wa omwe analipo masiku amenewo, ana, aphunzitsi, alendo, makolo ngati linali tsiku lochezera. Onaninso buku la ku sick bay, mwina ana anadwala kale m'mimba masabata apitawo inu n'kumati ndi madzi.

Nthawi yodikira imasiyana. Salmonella imaoneka pakati pa maola 6 ndi masiku 6, kutsegula m'mimba, malungo, kupotokola. E. coli ya mtundu woopsa imatenga masiku atatu kapena anayi, nthawi zina kupitirira sabata, chizindikiro chake ndi kutsegula kwa magazi, ndipo mwa ana aang'ono imatha kuononga impso, mwana akayamba kukodza pang'ono, kutuwa, kufooka, thamangani naye. Listeria ndiye yovuta chifukwa imatha kubisala mpaka masiku 70, imayamba ngati chimfine kapena malungo wamba, kuphwanya m'thupi, kenako mutu waukulu, khosi kuuma, kusokonezeka. Kwathu malungo aliwonse timathamangira kuti ndi a udzudzu, ndiye uzani a nesi ndi a kuchipatala chapafupi kuti mwana akabwera ndi malungo koma akamuyeza osapezeka ndi malaria, akumbukire nkhani ya nyamayi. Amene sakudwala safunika mankhwala, musagawe ma antibiotic mwachisawawa, pa E. coli amatha kuonjezera vuto.

Amayi oyembekezera, kaya ndi aphunzitsi, ma cook kapena mtsikana wasukulu amene a matron akumudziwa, alankhuleni paokha ndipo akaonane ndi achipatala akangomva kutentha thupi olo pang'ono, chifukwa mayi amatha kungomva ngati chimfine pomwe mwana m'mimba ali pangozi. Ana omwe ali pa ma ARV kapena ali ndi matenda ena ofooketsa thupi, a nesi kapena a matron awayang'anire mwachinsinsi, osawatchula mayina pa assembly chonde.

Makolo auzeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, asamve kwa ana kapena pa Facebook. Ndikudziwa mantha ake, sukulu za private makamaka zimaopa kuti makolo achotsa ana, koma nkhani ikatuluka yokha kuti munadziwa n'kubisa ndiye mwathera pomwepo. Uthenga ukhale waufupi, katundu wakuti waitanitsidwa pa chifukwa chakuti, ana anadya masiku akutiakuti kapena sanadye n'komwe, yotsala tayichotsa, zizindikiro zoti muone ndi izi mpaka tsiku lakuti, mukaona pitani kuchipatala ndipo mukanene za nyamayi, wofunsa aimbe nambala iyi. Wolankhula akhale mmodzi. Ngati ana akupita ku holide masiku odikira asanathe, aliyense apite ndi kakalata m'manja.

Pakapezeka odwala awiri kapena kuposa ndi zizindikiro zofanana, dziwitsani a zaumoyo pompo, ndipo apa musataye kanthu mpaka atabwera. Sungani paketi yosatsegula ya batch iliyonse, yotsegula yomwe ana anadyako, ndi zotsala za mu mphika, chilichonse mu pulasitiki yakeyake cholembedwa tsiku. Ku Soweto kuja chinathandiza dziko lonse n'chakuti a zaumoyo atafika poloni inalipo yoti aitenge.

Tsukani ngati mukusamuka

Zimitsani firiji, tulutsani zonse, mashelefu ndi madilowa atsukidwe ndi madzi otentha a sopo, mkati monse, mphira wa pa chitseko, kabowo kotulukira madzi, zogwirira. Sopo ayambe, chifukwa Jik pa mafuta sagwira ntchito. Mukatsukuluza, pukutani ndi madzi a Jik wopanda perefyumu, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi pa lita imodzi ya madzi, musiye mphindi zingapo kenako ziume zokha. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Chimodzimodzi mipeni, matebulo, mabeseni, sikelo, sinki, ndipo makina odulira poloni kapena opera nyama amasuleni zidutswa zonse, tizilombo timakhala m'malo olumikizira momwe nsanza sifika. Thabwa lodulirapo lomwe lili ndi ming'alu yakuya, kaya chipika chija chakhala zaka, chotsani mugule china. Masiponji ndi nsanza zakale tayani, ma apuloni achapidwe ndi madzi otentha. Ngalande ya pansi mu khitchini musaiwale, Listeria imakonda malo onyowa ozizira. Mukayatsanso firiji ikhale pansi pa madigiri 5, firiza pa -18.

Kubweza kapena kuwononga

Njira yabwino ndi yakuti supplier abwere adzatenge yekha. Akabwera muwerengerenso limodzi, dalaivala asayine pepala lolemba batch, kuchuluka, tsiku ndi nambala ya galimoto, inu mutsale ndi kope. Osapereka kwa munthu amene wangobwera n'kunena kuti watumidwa, imbani ku kampani kaye.

Akakuuzani kuti muwononge nokha, pemphani chilolezocho molemba, ndipo itanani wa environmental health kapena mlangizi wa zaumoyo, HSA, wa dera lanu adzaonerere, iyeyo ndi amene angakuuzeni malo ndi njira yovomerezeka, yochuluka kwambiri imafunika kupita ku incinerator, ng'anjo yowotchera zinyalala, kapena kumtaya wa khonsolo iwo ali pomwepo. Ku America kuja sukulu zimayenera kuwononga pamaso pa mboni ndi kusayina mafomu kuti zibwezeredwe ndalama, ndipo ku South Africa matani oposa 5,000 anawonongedwa boma likuyang'anira. Ngati ndi yochepa ndipo mukukwirira, chotsani m'mapaketi, iduleni, ithireni Jik wosasungunula, parafini kapena laimu kuti aliyense aone ndi maso kuti siidyekanso. Dzenje likhale lakuya ndithu, mamita awiri ngati nthaka ikulola, kutali ndi chitsime, mjigo, dambo ndi mtsinje, pamwamba dothi lokwanira lotsendera bwino ndi miyala kapena minga kuti agalu ndi afisi asafukule. Chitani masana anthu akuona, jambulani, mboni ziwiri zisayine. Osaponya m'bini ya panja, osaponya ku dzala, osapatsa nkhumba kapena agalu.

Za ndalama, tumizani kwa supplier kope la invoisi, pepala lowerengera lija, zithunzi ndi pepala lowonongera, mupemphe credit note kapena katundu wina wa batch yatsopano, ndipo lembaninso zomwe mwaononga pa transport, Jik ndi aganyu okumba. Ngati nyamayo inachokera ku boma kapena ku bungwe lothandiza, lipoti lipite kwa iwo, musapange nokha chiganizo chotaya katundu wawo. Pakadali pano ana adye nyemba, soya pieces, mazira, usipa, nandolo, kapena nyama ya kwina yomwe mwaitsimikiza, sabata imodzi yopanda soseji sinadwalitsepo mwana. Ana akuluakulu a ku sekondale auzeni chifukwa chake, nkhani za chakudya ku boarding tonse tikudziwa momwe zimayakira akangoona ndiwo zasintha popanda wowafotokozera.

Nanga nyama ya ku butchala yopanda lebulo?

Sukulu zambiri kwathu sizigula za m'makatoni, zimagula ng'ombe yathunthu kapena miyendo kwa butchala kaya kwa munthu amene anawina tenda. Kumeneko kulibe batch number, ndipo recall yake imabwera mwa mtundu wina, mumangomva kuti a zaziweto atseka msika wa ng'ombe kapena aletsa kupha ndi kuyendetsa nyama m'dera lakuti, monga zinachitikira ku Southern Province ku Zambia mu 2023 kutabuka matenda a ziweto a anthrax. Zochita ndi zomwezi, imitsani, patulani, khomani, koma funso lanu kwa butchala ndi lakuti ng'ombeyi inachokera mudzi uti, inaphedwa kuti, tsiku liti, anaiyeza ndani, chidindo chili kuti. Akamazungulira poyankha, iwerengereni kuti ndi yokhudzidwa. Pa anthrax pokha samalani kwambiri, musaidule, musaigwire ndi manja, musaikwirire nokha, itanani a zaziweto ndi a zaumoyo, chifukwa tizilombo take timalowera pakhungu ndipo timakhala m'nthaka zaka zambiri. Amene anaidula kale aonetsetse ngati patuluka chilonda chakuda pakati, pa dzanja kapena pankhope, ndipo apite kuchipatala osadikira.

Zoti muyambe sabata ino, recall isanabwere

Zonse ndalemba pamwambazi zimayenda msanga ngati pali hardcover imodzi ya ku stores yolembedwa bwino. Nyama ikafika lembani tsiku, supplier, dzina la katundu, batch, tsiku lothera, makilo, ndipo jambulani lebulo. Ikatuluka kupita ku khitchini lembani batch yomwe yatuluka ndi chakudya chomwe yaphikidwa. Mukagawa m'majumbo, jumbo iliyonse ilembedwe batch ndi maka, kapena dulani lebulo ya pa katoni muiike momwemo. Ya ku butchala lembani tsiku lophera, malo ndi dzina la woyeza. Pa khoma la ku stores pakhale manambala a supplier, a zaumoyo, a zaziweto ndi chipatala chapafupi, ndipo supplier akhale ndi manambala a anthu awiri a pasukulu osati a hedi okha, recall ya ku South Africa ija inalengezedwa Lamlungu. Mu kontrakiti ya tenda lembanimo kuti supplier ayenera kukudziwitsani mkati mwa maola 24 akamva za vuto, kudzatenga katundu ndi galimoto yake ndi kubweza ndalama.

Musanayambenso kugula kwa supplier yemweyo, pemphani kalata yosonyeza kuti a boma alola fakitale kapena butchala yake kugwiranso ntchito, ndipo katundu woyamba kufika muonetsetse kuti tsiku lopangira ndi la pambuyo pa recall, chifukwa makatoni akale amatha kutsalira m'ma depot n'kusakanikirana ndi atsopano. Mapepala onse, kalata ya recall, zowerengera, zithunzi, uthenga wa makolo, mndandanda wa odwala, aikeni mu fayilo imodzi, ndipo ngati inali Listeria a nesi apitirize kulemba aliyense wodwala malungo mpaka masiku 70 atakwana kuchokera tsiku lomaliza lomwe nyamayo inadyedwa.